Chitseko chikatsekedwa: pamene anthu wamba ankagamula milandu yakupha pa Chichiri

Ife a ku Chinyonga tidayandikana ndi nyumba ziwiri zomwe munthu sapempha kukalowamo: ndende ya Chichiri ndi bwalo lalikulu la milandu. Konseko n'kofika wapansi, osakwera minibasi kapena kabaza. N'chifukwa chake sitidabwa tikakumana mmamawa ndi mayi atanyamula kontena ya nsima m'jumbo, ndiwo zili m'kabakuli, akufulumira kukaona mwana wake amene ali pa rimandi. Sitidabwanso kuona maloya atakoleka mikanjo yakuda pamkono, mafayilo ali kukhwapa. Zonsezi timaziona ngati za eni ake. Bwalo ndi la majaji ndi maloya, ife timangolowamo tikapalamula, tikalakwiridwa, kapena tikaitanidwa kukachitira umboni.

Sizidali choncho nthawi zonse. Kwa zaka zoposa khumi chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri, munthu akaimbidwa mlandu wakupha, jaji sindiye ankanena kuti walakwa kapena ayi. Mawu amenewo ankachokera kwa anthu wamba ngati inu ndi ine, aphunzitsi, makalaliki, a magolosale, oitanidwa kuchokera pamndandanda wa nzika. M'zaka zomalizira za dongosololi ankakhala anthu 12. Gulu limeneli amalitcha jury, dzina lomwe tidabwereka kwa Angerezi pamodzi ndi mawigi ndi mikanjo, ndipo mpaka lero silidapeze mnzake wa Chichewa wokhazikika. Mwana wobadwa m'ma 2000 amalimvera m'mafilimu a ku America basi.

Chigamulo cha pa 23 Disembala

Mlandu waukulu kuposa yonse umene jury idagamulapo m'dziko muno udazengedwa pakhomo pathu pomwepa mu 1995. Aliyense amene adali ndi makutu nthawi imeneyo amaudziwa. Pa 18 Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, adaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma la nthawiyo lidalengeza kuti adafa pangozi ya galimoto akuthawira kunja. Anthu adameza mawu kwa zaka 11. A Bakili Muluzi atalowa m'boma mu 1994 adakhazikitsa komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi jaji Michael Mtegha, ndipo komitiyo idapeza kuti ngozi padalibe: anayiwo adachita kuphedwa ndi apolisi, kenaka n'kuikidwa m'galimoto yomwe idakankhidwira kuphedi. Mu Januwale 1995 Dr Hastings Kamuzu Banda adatsekeredwa m'nyumba ya Mudi, a John Tembo n'kutengeredwa kundende.

Mlandu wopangana zopha anthu udakoka miyezi. Pampando padali jaji Mackson Mkandawire, mbali ya boma ankaitsogolera a Kamudoni Nyasulu, ndipo Dr Banda adaitanitsa loya wa ku Britain, Clive Stanbrook. Mwini wakeyo sadapondeko kubwalo kaamba ka ukalamba ndi matenda. Apolisi omwe adali ku Thambani usiku umenewo adabwera n'kufotokoza zomwe zidachitika, zina zoti munthu ukamva nsima siyilowa. Komabe pa 23 Disembala 1995, kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ikwane, jury idatuluka m'chipinda chake n'kunena kuti Dr Banda, a Tembo ndi anzawo ndi osalakwa.

Ena adalira, ena adavina. Mpaka lero mukaiputa nkhaniyi pabawo, masewero amaima. Koma ambiri okangana aja sadziwa funso lomwe jury idapatsidwa. Sidafunsidwe ngati anayi aja adaphedwa, pakuti zimenezo zidali poyera. Funso lidali lopapatiza: kodi boma latsimikiza, mosasiya chikayiko chomveka, kuti anthu ali m'bokosi awa ndiwo adapangana za imfazo? Chingwe cha umboni chinkakwera kuchokera kwa apolisi wamba kukafika kwa mkulu wa apolisi wa nthawiyo, a Mac Kamwana, ndipo pamenepo chinkaduka. A Kamwana adali atamwalira, chimodzimodzinso a John Ngwiri omwe adali mlembi wamkulu wa boma. Akufa sachitira umboni. Boma lidachita apilo podandaula ndi momwe jaji adalangizira jury, koma mu 1997 bwalo la Supreme lidaikana apiloyo. Dr Banda adamwalira mu Novembala chaka chomwecho ku Johannesburg ali mfulu.

Zomwe anthu aja adakambirana chitseko chitatsekedwa, ndani adayamba kukayika, ndani adaumirira, zidatsalira momwemo. Ndiwo mwambo wa jury m'malamulo a Angerezi.

Njira yodzera ku Chilobwe ndi ku Soche

Kuti timvetse chifukwa chake anthu wamba adapatsidwa mpando wolemera chotere, tiyenera kubwerera mmbuyo pang'ono, ndipo sitipita kutali ndi kwathu. M'nthawi ya atsamunda, munthu wakuda akaimbidwa mlandu wakupha ankaweruzidwa ndi jaji wachizungu, pambali pake pali akuluakulu angapo omuunikira za miyambo. Jajiyo ankamva maganizo awo, koma sankakakamizidwa kuwatsata. Titalandira ufulu, pakati pa 1968 ndi 1970, mu Blantyre mudagwa zoopsa. Anthu osachepera 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera oyandikana nako, ndipo mphekesera zidafala zoti boma likugulitsa magazi a anthu ku South Africa. Mu 1969 bwalo lalikulu lidamasula anthu omwe apolisi adawagwira, chifukwa umboni udali wosakwanira. Dr Banda adapsa mtima. Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo, milandu yakupha n'kupita ku makhoti a mafumu, ndipo majaji achizungu adatula pansi maudindo.

Dzina loti makhoti a mafumu lidali lonyenga. Pabwalo lenileni la kumudzi, pansi pa kachere, aliyense amapatsidwa mpata, ankhoswe amayankhulira mbale wawo, ndipo mfumu imaweruza itamva nduna zake. Awa adali makhoti oikidwa ndi boma, oweruza ake osankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko yemwenso ankatha kuwachotsa tsiku lililonse. Loya sankaloledwa. Kumene mlandu ukazengedwe ankasankha ndi boma lomwelo lomwe likukuimba mlandu. Kumeneko ndiko adaweruzidwa a Albert Muwalo, omwe adanyongedwa mu 1977. Ku Soche, kuseri kwathu kuno, khoti lotere lidagamula mu Meyi 1983 kuti a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa aphedwe, mwezi womwewo umene anayi aja adafera ku Mwanza. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo a Orton adafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Makhotiwa adaimitsidwa mu 1993 itadutsa referendamu. Dziko lomwe lidaona zotere silikadafunanso kuti moyo wa munthu ukhale m'manja mwa anthu oikidwa ndi wolamula. Ndipo taonani mmene dziko limazungulirira: malamulo a umboni omwe Dr Banda adawanyoza mu 1969, akuti amapulumutsa zigawenga, ndi omwewo adawapulumutsa iwo mu 1995.

M'chipinda muja

Tiyeni tilowemo mongoyerekeza. Mlandu ukhale wa mtundu umene umadzaza mabuku a bwalo lalikulu. Anyamata awiri akangana pamalo omwera kachasu ku Bangwe, mmodzi wagwa, watsirizika akuthamangira naye kuchipatala. Wozengedwa akuti ankadziteteza, mnzakeyo ndiye adayamba kusolola mpeni.

Ntchito ya jury imayamba anthuwo asadalowe n'komwe m'chipinda. Mayina amaitanidwa m'bwalo, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mwayi wokana munthu. Amene ali pachibale ndi malemu, kapena adakanganapo ndi wozengedwa za malire a puloti, ameneyo abwerere kwawo. Otsalawo amalumbira n'kusankha mmodzi wowatsogolera. Kenaka amakhala phee masiku onse a mlandu, kumvetsera mboni za boma, wachipatala amene adapima mtembo, wapolisi wofufuza, ndi mbali ya wozengedwa. Pakabuka mkangano wa zamalamulo, jury imatulutsidwa kaye kuti isamve zinthu zomwe mwina jaji azikana. Pamapeto jaji amaomba mkota: amawakumbutsa umboni wonse n'kuwafotokozera lamulo. Apa pali malire omwe aliyense ayenera kuwalemekeza. Za lamulo mwini wake ndi jaji, ndipo jury imalandira momwe wanenera. Koma zoti mboni iti ikunena zoona ndipo iti ikunama, zimenezo n'za jury yokha. Jaji akhale ndi madigiri angati, pamenepo sapondapo.

Tsopano chitseko chatsekedwa. Mulibe jaji, mulibe loya. Pakhomo pali wantchito wa bwalo woonetsetsa kuti wina asalankhule nawo. Palibe lamulo lowauza poyambira. Magulu ena amayamba n'kukweza manja kuti aone pamene aima. Ena amati tiyeni tiyale kaye umboni wonse pamphasa, manja pambuyo. Njira yachiwiriyi ndiyo yanzeru, chifukwa munthu akakweza mkono pagulu, kuutsitsa kumachititsa manyazi, ndipo amayamba kuteteza mkono wake m'malo mofufuza zoona.

"Ine ndaona kale, ameneyu adapha dala," atero bambo wina wogulitsa matabwa ku Ndirande. "Munthu wosalakwa akadathawiranji mpaka ku Mulanje?"

"Pepani bambo," ayankha mayi wa ku Machinjiri, namwino wopuma pantchito. "Kwathu kuno ukavulaza munthu ngakhale mwangozi, ukangoima pomwepo akuveka tayala. Kuthawa kokhako ine sikundiuza kanthu."

Aphunzitsi a ku Chilomoni, omwe asankhidwa kutsogolera, akumbutsa anzawo kuti mboni yachiwiri idati magetsi adali atazima, koma mboni yomweyo idafotokoza ngakhale mtundu wa chigwiriro cha mpeni. "Chigwiriro chili m'manja mwa munthu, kunja kuli mdima. Adachiona bwanji?" Chipinda chiti zii. Ndiye mnyamata wa ku Zingwangwa, yemwe sadatsegule pakamwa chilowereni, anena motsitsa mawu kuti pamalo a kachasu sipakhala mdima wa bii, pamakhala koloboyi kuti wogulitsa aziona poyezera ndi powerengera ndalama. Onse atembenuka kumuyang'ana. "Achimwene, tanenaninso mokweza," atero aphunzitsi.

Za koloboyi uja simungazipeze m'buku lililonse la malamulo. Amazidziwa ndi munthu amene adakhalapo pamalo otero, monga momwe mayi uja akudziwira chimene chimathamangitsa munthu ku Bangwe usiku. Mutu umodzi susenza denga, ndipo phindu lonse la jury lagona pamenepa: anthu osiyana makhalidwe ndi kochokera, aliyense akubweretsa kachidutswa kake, aliyense akudzudzula tsankho la mnzake.

Anthuwa ali ndi njira zitatu. Akhoza kunena kuti mnyamatayo adapha mwadala. Akhoza kunena kuti adapha ndithu koma osati mwadala, mwina chifukwa adaputidwa mwadzidzidzi mtima n'kumuthawa, kapena adapyola muyeso podziteteza. Akhozanso kumumasula ngati aona kuti adachita zomwe munthu aliyense akadachita pofuna kupulumutsa moyo wake. Kusiyana kwa njira yoyamba ndi yachiwiri sikudali kwamasewera. Mpaka pa 27 Epulo 2007, pamene bwalo lalikulu lidagamula mlandu wa Kafantayeni, aliyense wopezeka kuti adapha mwadala ankalamulidwa kunyongedwa, jaji afune asafune. Dzina la dera lathu lino likamveka pankhani ngati iyi limaziziritsa nkhongono. N'zoona kuti chingwe sichidagwirenso ntchito m'dziko muno chichokereni 1992, koma anthu a m'chipinda muja ankadziwa kuti liwu lawo limodzi likutumiza munthu ku Zomba kukadikira imfa.

Chovuta kwambiri kuchimeza ndi nkhani ya chikayiko. Jaji amawauza kuti wozengedwa sayenera kutsimikiza kuti ndi wosalakwa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limamutenga kuti ndi wosalakwa kufikira boma litatsimikiza mlandu, ndipo limamupatsa ufulu wokhala chete. Izi zimawawa m'makutu mwathu, chifukwa kumudzi munthu akakhala duu pabwalo timati wavomera. M'chipinda cha jury sizitero. Ukhoza kukhulupirira mumtima kuti mwina adachitadi, koma "mwina" sakwanira. Chikayiko chomwe chimamasula munthu sichikhala cha mantha kapena chifundo. Ndi chija ungathe kuchifotokoza kwa mnzako n'kumuuza chifukwa chake, monga mafunso a aphunzitsi aja pa chigwiriro cha mpeni. Chikayankhidwa, chatha. Chikatsalabe, munthuyo apite kwawo.

Akasokonezeka pa mfundo ya lamulo amalemba kakalata kwa jaji, onse n'kubwerera m'bwalo kuti yankho liperekedwe maloya a mbali zonse akumva. Akagwirizana, wotsogolera amaimirira n'kunena chigamulo. Zifukwa safotokoza, ndipo chilango amapereka ndi jaji. Akalephereratu kugwirizana, jaji amawabalalitsa, mlandu n'kudzayambiranso ndi anthu ena.

Kwa eni ake zimayenda bwanji

Pa chiwerengero cha ogwirizana mayiko amasiyana. Ku America, chigamulire bwalo lawo lalikulu mlandu wa Ramos mu 2020, munthu sangapezeke wolakwa pamlandu waukulu pokhapokha onse atavomereza. Ku England kuyambira 1967 jaji akhoza kulandira chigamulo cha anthu 10 mwa 12, koma atayamba akambirana maola osachepera awiri. Ku Scotland amakhala anthu 15.

Akatswiri awiri a ku Chicago, Harry Kalven ndi Hans Zeisel, adatulutsa mu 1966 kafukufuku wa milandu yoposa 3,500, momwe adafunsa majaji kuti akadakhala okha akadagamula bwanji. Adapeza kuti jaji ndi jury ankagwirizana pa milandu pafupifupi 78 mwa 100 iliyonse, ndipo pomwe asiyana, kawirikawiri jury ndiyo inkapendekera kwa wozengedwa. Adapezanso kuti mbali yomwe ili ndi anthu ambiri pa voti yoyamba ndiyo imapambana pafupifupi kasanu ndi kanayi mwa khumi. Zija za munthu mmodzi kutembenuza anzake onse zimakoma mufilimu, koma sizichitikachitika.

Ufulu wa jury wotsutsana ndi olamula udagulidwa ndi njala. Mu 1670 ku London, William Penn ndi William Mead ankazengedwa mlandu chifukwa cholalikira pamsewu. Jury idakana kuwapeza olakwa momwe bwalo linkafunira. Adaitsekera mausiku awiri popanda chakudya ndi madzi, koma sidasinthe, ndiye onse adawatchaja chindapusa. Mmodzi wa iwo, Edward Bushel, adakana kulipira ndipo adaponyedwa m'ndende, kufikira bwalo lapamwamba lidagamula kuti palibe angalange jury chifukwa cha chigamulo chake.

Koma tisawakweze kwambiri eni akewa. Mu 1994 ku England komweko, pamlandu wina wakupha, ena mwa a jury atagonekedwa kuhotela adachezera kuombeza, kufunsa mzimu wa malemu kuti adamupha ndani. Nkhaniyo itaululika, bwalo la apilo lidafafaniza chigamulo n'kulamula kuti mlandu uyambirenso, ndipo jury yatsopano idamupezanso wolakwa munthuyo. Amene amati zoombeza n'za kwathu kuno kokha amve zimenezo.

Chomwe chidaithetsa kwathu

Ndinganame nditanena kuti jury ya ku Malawi idali yopanda chilema. Dziko lathu n'laling'ono, ndipo m'boma limodzi anthu amadziwana: uyu adakwatira kwa uje, uyo amapemphera ndi malume a malemu. Ukamaliza kugamula umabwerera kumudzi komweko, kukakumana pamjigo ndi abale a munthu amene wamumangitsa kapena wamumasula. Palinso milandu yomwe mudzi wonse udagamula kale, monga ya nkhalamba yophedwa poiganizira ufiti. Anthu 12 otengedwa m'dera lomwelo akhoza kulowa m'bwalo ndi maganizo omwewo amene adapha gogoyo. Chinenero nacho chili ndi mbali ziwiri. Mboni ikamalankhula Chichewa, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena, a jury amamva mwachindunji, mpaka kazembedwe ka mawu komwe womasulira amakataya. Koma lamulo lenilenilo lidalembedwa m'Chingerezi, ndipo kusiyanitsa kupha mwadala ndi kupha utaputidwa kumazunguza mutu ngakhale ophunzira zamalamulo.

Komabe chomwe chidaigwetsa jury ndi ndalama. Anthu 12 amafuna thiransipoti, chakudya, pogona ndi kangachepe, mlandu uliwonse. Onjezanipo jaji, oimira boma pamilandu, maloya a boma oimira osauka ndi mboni, onse kupita kumaboma. Milandu yakupha inkadikira kuti ndalama zipezeke, nthawi zambiri zochokera kumayiko otithandiza, ndipo oganiziridwa ankaola pa rimandi zaka ndi zaka asadaonane ndi jaji. Pofika 2009 unduna wa zachilungamo udali utaimitsa jury pa milandu yakupha, osanena tsiku lodzaibwezeretsa. Lamulo lidalola zimenezi. Gawo 294 la lamulo la kazengedwe ka milandu limati milandu ya m'bwalo lalikulu izizengedwa ndi jury, koma limapatsanso nduna mphamvu yolamula kuti milandu ina izizengedwa popanda jury. Khomo laling'onolo ndilo lidasanduka khomo lalikulu.

Anansi athu sadadabwe nazo. South Africa idathetsa jury mu 1969, ndipo kumeneko padalibe wolira chifukwa mipandoyo inkakhala ya azungu okha. Ku Zambia milandu yakupha amagamula ndi jaji. Ife tidali m'gulu la mayiko ochepa kuchigawo chino omwe adayesa kudalira nzika zawo motere.

Jaji woweruza yekha ali ndi ubwino wake, ndipo tiuvomereze. Amalemba zifukwa. Mu Epulo 2022 jaji Dorothy NyaKaunda Kamanga adagamula mlandu wa kuphedwa kwa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga, ndipo adapeza olakwa anthu 12, mwa iwo wansembe ndi wapolisi. Chigamulo chotere chimafotokoza umboni wa munthu aliyense payekha, ndipo wosakhutira ali ndi pogwira akamachita apilo. Jury ikangoti "wolakwa" yatha, ndipo ngati idalakwitsa, kupeza pomwe idaphonya n'kovuta. Pamene akaidi omwe adalamulidwa kunyongedwa adayamba kuwamvanso milandu yawo mu 2015 potsatira chigamulo cha Kafantayeni, kudapezeka kuti mafayilo ena adasowa, ndipo ambiri mwa anthuwo, omwe adaweruzidwa m'nthawi ya jury, sadapatsidwe mpata wofotokoza zowachepetsera chilango. Oposa 100 adatuluka m'ndende. Chochititsa chidwi n'chakuti pantchito imeneyi othandiza zamalamulo ankapita m'midzi kukafunsa mafumu ndi abale ngati angamulandire munthuyo, ndipo ambiri adati abwere. Mawu a anthu wamba adafikanso kubwalo, ngakhale adadzera khomo lakumbuyo.

Nanga kuchotsa jury kudathetsa mzere wa pa rimandi? Mu 2010 lamulo lidaika malire oti woganiziridwa mlandu wakupha asasungidwe masiku oposa 90 mlandu usadayambe, pokhapokha bwalo litaonjezera. Pitani pachipata cha ndende ya Chichiri mukafunse amayi a makontena aja kuti akhala akuyenda miyezi ingati. Ndende zathu n'zodzazabe mopyola muyeso, ndipo milandu yakupha ikuchedwabe. Tidachotsa nzika m'bwalo kuti zinthu zifulumire, koma kuchedwa kudatsala.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi ichi. Anthu sadasiye kuweruza. Akuweruzabe tsiku ndi tsiku, pa Facebook, m'magulu a WhatsApp, ndipo choopsa kwambiri, pamsewu ndi miyala ndi petulo. Kukangomveka kuti "wakuba!" mumsika wa Ndirande kapena ku Limbe, jury ya pamsewu imakhala yakwana kale, yopanda lumbiro, yopanda womva mbali inayo. Mukawafunsa chifukwa, yankho n'lodziwika: tikapita naye kupolisi mawa timuona akuyenda. Ambiri mwa oyankha chotere sadakhalepo m'bwalo kuyambira poyamba mpaka pamapeto a mlandu. Sadziwa kuti belo si kumasulidwa. Sadaonepo mboni yomwe inkalumbira molimba mtima ikusweka pofunsidwa mafunso. Munthu amene wakhala masiku anayi pampando wa jury, n'kusenza yekha kulemera kwa mawu oti "wolakwa", amabwerera kwawo atasintha, ndipo tsiku lina anthu akadzagwira mnyamata pamsika, mwina iyeyo ndiye adzafunse kuti umboni uli kuti. Mlandu uliwonse unkabweza m'makwalala mwathu anthu 12 otere. Powerengera mtengo wa jury, phindu limeneli silidalowe m'masamu.

Sindikunena kuti mlandu uliwonse wakupha ubwerere kwa anthu 12 mawa mmawa. Thumba la boma tikulidziwa. Koma pakati pa anthu 12 ndi kusakhalapo ngakhale mmodzi pali malo ambiri oimapo. Jury ikhoza kubwerera pa milandu yochepa yomwe boma lenilenilo lili ndi mbali, monga imfa za m'manja mwa apolisi kapena milandu ya akuluakulu andale, pomwe jaji mmodzi, ngakhale woongoka bwanji, anthu amamukayikira. Chiwerengero chikhoza kuchepetsedwa. Kapena titengere mayiko monga Germany ndi Japan, komwe anthu wamba amakhala pamodzi ndi majaji n'kuponya nawo voti, chigamulo n'kulembedwa ndi zifukwa zake.

Gawo 294 likadalipo m'buku la malamulo. Chomwe chidatseka chitseko cha chipinda chija ndi siginecha ya nduna, ndipo siginecha ina ikhoza kuchitsegula. Phungu wanu akadzabwera ku Chinyonga kudzapempha voti, pambali pa za misewu ndi madzi, mudzamufunsenso kuti anthu wamba adzabwerera liti pamipando yawo pa Chichiri.